Nachitenje Atayamba Kuyenda

Aliyense amene anadutsapo msewu wochokera pa boma la Mchinji kupita kuboda m'zaka zoyamba za matipate anaona ntchito ya manja a Cyprian Sakala, kaya eni akewo ankawadziwa kaya ayi. Zikwangwani za magolosale, mitu yometedwa bwino pa makoma a ometa tsitsi, nkhuku zonona pa nyumba zodyera, mawu anzeru kumbuyo kwa mathiraki, zambiri mwa izo zinali zawo. Anabadwira kwa Kapondo, sukulu analekezera sitandade eyiti, ndipo fodya amene bambo awo ankalima sanawalowe m'magazi. Ali wamng'ono ankakwapulidwa chifukwa chojambula ndi makala pa makoma a nyumba za eni. Chisankho cha 1994 ndicho chinawatsegulira njira. Chipani chilichonse chinkafuna chizindikiro chake pa mitengo, pa miyala ndi pa milatho, ndipo a Cyprian ankajambulira onse, m'mawa chipani ichi, masana chinacho, burashi ili yomweyo, angoitsuka ndi parafini. Kampeni itatha, dzina lawo linali litamveka kale, ndipo anasamukira kufupi ndi boda kumene madalaivala amagona masiku podikira mapepala a katundu.

Anali munthu wamfupi, wosayankhula zambiri, wa zikhadabo zosatha penti. Akamva kuti kwabwera wojambula wina, ankapita kukaona ntchito yake, n'kuima patali manja ali kumbuyo, kenako n'kubwerera kunyumba ali wosangalala, chifukwa nthawi zonse ankapeza cholakwika.

Akazi awo, a Dyna a kwa Dambe, ankachita geni ya zitenje. Ankakapikula ku Chipata n'kumagulitsa pamsika, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi nkhani. Anali ndi mphatso yotengera mayankhulidwe a anthu. Akakhala pakhonde n'kuyamba kuyankhula ngati dalaivala wa ku Lusaka kapena mayi wokangana ndi kondakitala, oyandikana nawo ankasiya ntchito n'kubwera kudzamvera. Nkhani imene inkaseketsa kwambiri inali ya mayi wina wongopeka, amene ankawoloka boda m'mawa ali woonda ngati bango n'kubwerako masana atanenepa, zitenje atazikulunga thupi lonse mkati mwa diresi, ndipo akamufunsa ankayankha m'Chinyanja cha ku Zambia kuti ni mimba chabe. A Dyna anamutcha Nachitenje. Tsiku lina a Stelia, mwini tiyirumu ya pafupi ndi pamene mathiraki amaima, anapempha a Cyprian kuti awajambulire chinachake choitana anthu, ndipo iwo anajambula Nachitenje pakhoma, wamkulu ngati munthu, akumwa tiyi, nsonga za zitenje zikusuzumira m'khosi ndi m'mikono. Madalaivala anayamba kunena kuti tikakumana kwa Nachitenje. A Cyprian akamapita kuntchito ankazungulira dala kuti adutse pamenepo.

Macdonald anali mwana wa mlongo wawo. Bambo ake atamwalira anakhala kwa amalume akewo mpaka kumaliza sekondale, ndipo kugwira burashi anaphunzira kwa iwo. Dzanja lake silinali lofika pa la amalume ake, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Atamaliza sukulu anapita ku Lilongwe, nakapeza ntchito kwa anthu ojambula maukwati ndi nyimbo za makwaya pa vidiyo. Anabwerako mu 2005 ndi kompyuta yakale, sikana, ndi masipika awiri osafanana, n'kutsegula kashopu kotayipira makalata ndi kuika nyimbo pa masidi.

Patapita milungu ingapo, anaitana amalume ake kuti adzaone chinthu. A Cyprian anapita poganiza kuti mnyamatayo akufuna chikwangwani. Anawakhazika pa benchi, n'kudina apa ndi apo, ndipo pa galasi la kompyuta panatulukira Nachitenje. Anali wojambulidwa mwachangu, nkhope yake yopanda moyo umene inali nawo pakhoma, koma ankayenda. Ankaponya mwendo, thupi likugwedezeka, kachitenje kakukwekwereka pansi kumbuyo kwake. Anafika kumapeto kwa galasi n'kuyambiranso. Macdonald anafotokoza kuti anajambula mapepala ambirimbiri, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake, n'kuwalowetsa mu kompyuta kuti iziwaonetsa motsatizana mofulumira. A Cyprian anamva mawuwo ngati akuchokera patali. Zaka zonsezo ankajambula anthu oima, ndipo sanaganizepo kuti chojambula chingathe kunyamula phazi.

"Mukuona bwanji, amalume?"

"Maondo akupindikira kolakwika," anatero a Cyprian.

Macdonald anaseka n'kuvomera, kenako anapempha chilolezo choti apange kafilimu kakafupi ka Nachitenje. A Cyprian anayankha kuti atenge, ndi chinthu cha pakhoma chabe. Mumtima ankati zidole za pa kompyuta ndi masewera a ana, zitha zokha mvula isanagwe.

Mawu a Nachitenje sakanaperekedwa ndi wina koma a Dyna. Macdonald anabwera kunyumba kudzawapempha amalume ake ali pomwepo, ndipo a Dyna anayamba akana mwamanyazi, kenako anavomera. Ankapita kushopu kuja masana akaweruka kumsika, n'kumayankhula pa maikolofoni yokutidwa ndi sokosi, zitseko zili zotseka kuopa phokoso la mathiraki.

Kafilimuko kanali kakafupi, munthu sakanamaliza kudya chimanga chootcha kasanathe. A Goodwin, mwini vidiyo sho ya pamsika, anavomera kukaonetsa Loweruka masana filimu ya karate isanayambe. Anthu atamva Nachitenje akuuza msilikali wa paboda kuti, "Manje mufuna nichite bwanji, bwana? Ni mapasa aya," anagwa m'mabenchi ndi kuseka, ndipo anakana kuti karate iyambe mpaka kabwerezedwe. Sipanatenge nthawi, madalaivala anayamba kugula masidi n'kupita nawo ku Chipata, ku Kasungu, mpaka ku Lusaka. Macdonald anapanga kachiwiri, Nachitenje atakodwa pa chitseko cha minibasi, kenako kachitatu. Ana a sukulu ankayenda m'njira motengera mayendedwe ake, maondo opindikira kolakwika omwe aja. Pamsika a Dyna dzina lawo linaiwalika. Aliyense ankawaitana kuti Nachitenje, ndipo azimayi ankagula chitenje kuti angomva mawuwo pamaso.

A Cyprian ankauza anthu kuti akunyadira mphwawo, chifukwa ndi zimene malume amayenera kunena. Koma chakudya chinasiya kuwakomera. Akamva anthu akuseka pagulu, ankadziwiratu chimene akuseka, ndipo ankawoloka msewu. Anthu amene kale ankawaimitsa kuti a Sakala, dzanja lanu lija, tsopano ankawaimitsa kuti awafunse ngati Macdonald watulutsa ina.

Chimene chinawabaya kwambiri chinachitikira pa tiyirumu ya a Stelia. Anali atakhala panja akumwa tiyi pamene dalaivala wina wachilendo anaima n'kuyang'ana khoma lija. Atauzidwa kuti wojambula ndi bambo ali apowa, anawagwira chanza ndi ulemu wonse.

"Mwayesetsa, madala," anatero dalaivalayo. "Mwakopera bwino katuni ya mnyamata uja. Kungoti weniweniyo amavala duku yofiira."

A Stelia, amene akanatha kukonza nkhaniyo ndi mawu awiri okha, anangoseka, ndipo dalaivala atapita anati mwina n'zoona, bwanji amuveke duku yofiira Nachitenjeyo kuti afanane ndi wa mu vidiyo, poti ndi amene anthu akumudziwa. A Cyprian anati abwera mawa. Anabweradi m'mamawa ndi chitini cha penti yoyera, napaka khoma lonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kulembapo ndi zilembo zakuda kuti TIYI, MANDASI, MAZIRA. A Stelia atatuluka anagwira pakamwa. Iwo anangoti chithunzi chija chinali chitasuwa, ndipo anatola zitini zawo n'kumapita.

Nsanje itasowa kolowera kunja, inalowa m'nyumba. Masana ena a Cyprian anadutsa pa shopu ya Macdonald ndipo anamva akazi awo akuseka mkati, kuseka kwa m'mimba kumene anali asanakumve pakhomo kwa nthawi yaitali. Anaima pakhonde kwa kanthawi osagogoda. A Dyna atafika kunyumba anawapeza atakwinya nkhope, ndipo anayamba ndi zazing'ono: ndiwo zachedwa, mwana wawo Shalom wabwera kusukulu osapeza munthu, mkazi wapabanja sakhala m'chipinda chotseka ndi anyamata. Mawu omalizawo atangotuluka, iwo eni anachita nawo manyazi, koma sanawabweze.

A Dyna anawatembenukira.

"Bambo a Shalom, Macdonald ndinamuchapira ine mayunifolomu. Musadetse mwana chifukwa cha chimene chikukuwawani. Nenani chenichenicho."

"Nachitenje ndi wanga."

"Wanu? Munamumva kwa ndani?"

Pamenepo a Cyprian analamula kuti kushopu kuja asadzapondekonso. A Dyna sanakangane nawo. Anati amva, ndipo anasiyadi. Koma anasiyanso zonse. Pakhonde sipanamvekenso dalaivala wa ku Lusaka kapena mayi wa kondakitala. Akabwera ku Chipata ankangonena kuti ayenda bwino. Macdonald atamva, anabwera kudzapepesa ngakhale sankadziwa bwinobwino chimene analakwa, ndipo amalume ake anamulandira ndi nkhani za mvula ndi mitengo ya feteleza mpaka anatsanzika. Anayesa kupanga kafilimu kena ndi mawu a mtsikana wina wa kwaya, koma anthu anati ameneyu si Nachitenje, ndipo masidi anatsalira pa shelefu. A Cyprian atamva zimenezo anadya bwino tsiku limenelo, koma kukoma kwake sikunafike m'mawa.

M'nyengo imeneyo ndi pamene anaganiza zopanga filimu yawoyawo, yoti anthu aone kusiyana kwa wojambula ndi wodina mabatani. Kompyuta analibe ndipo sankaidziwa, koma anali atamvetsa mfundo yake: zithunzi zambiri, chilichonse chosiyana pang'ono ndi chinzake. Anatola makatoni a sopo ku magolosale, nadula ng'ombe ziwiri, ngolo, ndi mlimi wa chipewa chobooka. Miyendo, makosi ndi michira anazidula padera n'kuzilumikiza ndi timawaya kuti zizipindika. Anazipenta ndi mtima wawo wonse. Ng'ombe imodzi inali ndi nthiti zooneka ndi chipsera cha goli pakhosi, ngati ya bambo awo kwa Kapondo. Kumbuyo anajambula dambo, minda ya mtedza ndi mapiri a Mchinji nthawi ya chilimwe. Nkhani yake inali ya ng'ombe zimene zinatopa ndi kukwapulidwa, zinamasula goli n'kumukweza mlimi kutsogolo kuti akoke yekha ngolo.

Anabwereka kamera ya dijito kwa wojambula zithunzi wa pamsika, naimangirira ku mpando woikidwa pamwamba pa tebulo kuti iziyang'ana pansi. Ankasuntha mwendo wa ng'ombe pang'ono, n'kujambula, kusunthanso, kujambulanso. Msana unkawawa, mabatire ankatha, mphepo inkabwera n'kuulutsa mchira. Ntchito za zikwangwani anayamba kuzikana, ndipo makasitomala ena anapita kwa ena osabwereranso. A Dyna ankadutsa ndi dengu lawo, n'kuyang'ana ng'ombe zija. Tsiku lina anaima nthawi yotalikirapo, milomo ikugwedezeka ngati akuyesa mawu a mlimi uja, koma amuna awo atatukula mutu anapitirira. A Cyprian ankafunitsitsa kuwapempha. Kunyada kunawatseka pakamwa.

Zithunzi zitakwana panafunika kompyuta yozilumikiza, ndipo kompyuta ya Macdonald, yodziwa ntchitoyo, inali pamtunda woyenda pansi kuchokera pakhomo pawo. Iwo anakwera galimoto kupita ku Chipata. Kumeneko anapeza mnyamata wa mu shopu ya nyimbo amene anali asanapangepo zotere, koma anati palibe chovuta. Anazilumikiza mothamanga makasitomala ena akudikira, naikapo nyimbo ya gitala m'malo mwa mawu, n'kuwapatsa sidi.

A Goodwin anavomera kuionetsa chifukwa cha ulemu. Anthu anadzaza, poti mbiri inali itawanda kuti malume wake wa Macdonald watulutsa yake. Chithunzi choyamba chitaoneka, m'nyumbamo munati zii, ndipo wina ananong'ona kuti koma ng'ombe iyi ndi yeniyeni. Kenako zinthu zinayamba kuyenda, ndipo zinayenda mothamanga ngati zikuthawa moto. Poti anajambulira pakhonde dzuwa likusuntha ndi mitambo ikudutsa, chithunzi chinkawala n'kuda, kuwala n'kuda, mpaka maso kuwawa. Pena pankaoneka chala chawo chikugwira mchira. Ntchito ya miyezi inatha anthu asanamvetse kuti mlimi wafika bwanji pagoli. Anthu anaseka, koma sikunali kuseka kumene iwo ankakufuna, ndipo kumbuyo mnyamata wina anakuwa kuti atiikire Nachitenje. Ena anavomereza.

A Cyprian anatuluka mwakachetechete. Panja, pafupi ndi jenereta, anamva wina akuwaitana. Anali Macdonald. Anali atakhala pa benchi yakumbuyo nthawi yonseyo.

"Amalume, ng'ombe ija ine sindingaijambule ngakhale mutandipatsa zaka khumi," anatero. "Amene analumikiza uja waiononga. Zithunzizo zikadalipo? Ndipatseni ndiichedwetse, kuwalako ndingathe kukukonzako."

Akanawaseka zikanakhala bwino. Chifundo cha mwana amene anamuphunzitsa okha kusakaniza penti chinawawawa kuposa kukuwa kwa m'nyumba muja. Anamuuza kuti zithunzizo anazifufuta, ngakhale zinali m'thumba la malaya awo, ndipo anapita kunyumba kudzera njira ya kuseri kwa msika.

Macdonald sanataye mtima. Patapita mwezi anabweranso ndi nkhani yoti ku Lilongwe kukhala chionetsero cha mafilimu aafupi a anthu odzipangira okha, ndipo iye akufuna kutumizako filimu ya ng'ombe ija, yopangidwa mwatsopano: amalume ajambule chilichonse, iye ayendetse, anti apereke mawu. Ananena poyera kuti yekha sangafike patali, chifukwa anthu a m'tauni akaona zojambula zake adzaona kuti n'zosapsa. A Cyprian anati aganiza. A Dyna, amene ankasankha mtedza chapafupi, anayankhula osatukula mutu kuti munthu akhoza kukana nyama chifukwa choti wapha ndi mnzake, koma njala imakhala yake. Patapita masiku a Cyprian anatumiza mawu kuti avomera, pokhapokha dzina lawo likhale loyamba pa filimuyo. Macdonald anati zimenezo n'zosachita kupempha.

Anagwira ntchito chilimwe chonse cha 2007 m'kashopu kaja, mazenera atatchingidwa ndi mabulangete ndipo nyale ziwiri zikuwalitsa tebulo kuti kuwala kusasinthe. Magetsi akathima ankakhala pakhonde kudikira. Macdonald anawaonetsa kuti ng'ombe isanakoke imayamba yabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo kuti chinthu cholemera chiyenera kuyenda ndi zithunzi zambiri kuposa chopepuka. Iwo anamuonetsa mmene bondo la ng'ombe limapindikira ndi mmene mthunzi umagonera pansi pa ngolo. A Dyna anakhala mlimi, mkazi wa mlimi, ndi ng'ombe zonse ziwiri, imodzi yoyankhula Chichewa cha kumudzi, inayo Chinyanja cha m'tauni ngati inakulira ku Lusaka. Kuseka kunabwerera pakhomo. Masiku ena a Cyprian ankaiwala zonse, n'kumaimba mluzu akudula makatoni. Koma madzulo akamaona zala za mphwawo zikuthamanga pa kompyuta, ng'ombe yawo ikutukula mutu ndi kuphethira chifukwa iye wailamula, nsanje ija inkabweranso n'kukhala pachifuwa. Ankadziwa kuti popanda iwo filimuyo ikanakhala yonyansa, koma popanda Macdonald sikanakhalapo n'komwe.

Ku Lilongwe anapita onse atatu pa minibasi, a Cyprian atavala jekete la ukwati wawo. Holo inali yodzaza ndi ophunzira a m'makoleji, atolankhani ndi azungu angapo. Filimu yawo itayamba, dzina loyamba kuoneka linali CYPRIAN SAKALA, m'zilembo zimene anazilemba okha ndi burashi. Ng'ombe zinayenda mwaulemu wake, mlimi anakoka ngolo thukuta lili kamukamu, ndipo anthu anaseka pamalo oyenera kuseka. Itatha anaomba m'manja nthawi yaitali. A Cyprian anamva misozi ikubwera ndipo anayang'ana kudenga.

Kenako woyendetsa mwambo anaitana wopanga filimuyo kuti abwere kutsogolo, ndipo dzina limene anatchula linali la Macdonald. Iye atafika anakana kuyankhula mpaka amalume ake ndi anti ake abwere, ndipo anauza anthu kuti chilichonse chimene aona chatuluka m'dzanja la bambo awa. Anthu anaombanso m'manja. Koma mafunso atayamba anali a m'Chingerezi, okhudza kompyuta ndi mapulogalamu ake, ndipo onse ankapita kwa Macdonald. Wina anapempha a Dyna kuti ayankhule ngati ng'ombe ya ku Lusaka, ndipo holo yonse inagwa ndi phwete. A Cyprian anaima kumapeto manja ali kumbuyo, akumwetulira mpaka masaya kuwawa. Funso limodzi lokha ndilo linawapeza: mtsikana wina anafuna kudziwa penti imene anagwiritsa ntchito. Anayankha kuti ya zitseko, ndipo anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala.

Sabata yotsatira nyuzipepala ina inalemba za chionetserocho. Pa chithunzi panali Macdonald ndi a Dyna akuseka, ndipo kumbali kwenikweni kunkaoneka phewa la jekete ndi khutu limodzi. A Goodwin anabwera nayo nyuzipepalayo akuthamanga kuti adzawasangalatse. A Cyprian anaiyang'ana, nati khutulo lajambulidwa bwino, n'kuibweza.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Munthu wina amene anaonera filimuyo anamuitana Macdonald ku Lusaka kukagwira ntchito yopanga makatuni otsatsa malonda pa wailesi ya kanema, ndipo chaka chotsatira ananyamuka. Asanapite anabweretsa kompyuta, sikana ndi masipika aja pa wilibala, nazitula m'nyumba ya amalume ake. Anati kumene akupita akapeza zatsopano, ndipo izi n'zawo. A Cyprian anathokoza monga mwa mwambo, namuperekeza mpaka paboda, namulangiza za kudzisunga m'tauni ya eni. Atabwerako anafunditsa kompyutayo nsalu n'kuikapo beseni pamwamba.

Inakhala choncho miyezi yambiri. Nthawi yomweyo ntchito ya zikwangwani inayamba kuchepa, chifukwa eni mashopu anayamba kukonda zosindikiza pa makina ku Lilongwe, zokhala ndi zithunzi za anthu enieni, ndipo makampani a mafoni ankapenta okha magolosale ndi mitundu yawo. A Cyprian ankakhala pakhomo masiku athunthu. M'mawa wina a Dyna ali ku Chipata, iwo anachotsa beseni lija. Anayamba ndi kusadziwa poyatsira. Anafunsa kwa mphunzitsi wina woyandikana nawo, namulumbiritsa kuti asauze munthu, koma pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinkadziwa kuti a Sakala akuphunzira kompyuta ndi chala chimodzi.

Anaphunzira movutika, mokwiya, nthawi zina kutaya ntchito ya sabata yonse chifukwa chodina polakwika. Macdonald ankaimba foni kawirikawiri, ndipo akanatha kuwathandiza m'mphindi zochepa, koma iwo ankangomulonjera n'kupatsira foni a Dyna. Foni ikatha a Cyprian ankayamba ndi kufunsa akazi awo za nyengo ya ku Lusaka, kenako n'kufunsa ngati mosafuna kuti kodi mnyamatayo akupanga chiyani masiku ano. Akamva kuti akupanga za sopo ndi za mafuta ophikira, ankapukusa mutu mwachisoni, koma ankadzuka n'kukagwira ntchito ali wopepuka. Tsiku limene anamva kuti Macdonald wayamba filimu yakeyake, yaitali, ya nkhani ya kumudzi, sanadye chamasana.

Pofika kumapeto kwa 2009 anali atatulutsa timafilimu tiwiri tawotawo. Sitinapite ku Lusaka kapena ku Lilongwe, koma kwa a Goodwin anthu ankationera mpaka kumapeto, ndipo aphunzitsi a kwa Zulu anabwereka kamodzi kukaonetsa ana asukulu. Kachitatu kanali ka mbuzi imene inakwera thiraki mobisala n'kuwoloka boda popanda chiphaso. A Dyna anali atapeza kale mawu a mbuziyo, ndipo ankawayeserera akutsuka mbale.

A Goodwin anawapeza masana ena pakhonde akudula timiyendo ta mbuzi ndi lumo, magalasi ali pamphuno, makatoni ali mbwee pansi. Anawafunsa kuti imeneyi ituluka liti, popeza anthu akufunsa. A Cyprian anapitiriza kudula mpaka chiboda chinatuluka bwino, nachiyang'anitsitsa pa dzuwa.

"Ya Macdonald akuti ituluka pa Isitala," anatero. "Yanga muiyembekezere mwezi wa Febuluwale."